Mwana wa mchimwene wanga ali m'chitokosi ndipo amulembera zaka 18: ndiyambire pati?

Funso: "Ndine mayi wa ku Mulanje, ndimagulitsa tomato pamsika. Ndikulera mwana wa malemu mchimwene wanga, mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 1. Lachisanu lapitali anamugwira pamodzi ndi bambo wina pa nkhani ya foni yobedwa. Mwanayo akuti bamboyo anangomutuma kuti akagulitse foniyo. Nditafika kupolisi ndinapeza atamulembera zaka 18 chifukwa ndi wamtali, ndipo akugona m'chitokosi chimodzi ndi akuluakulu. Anzanga ena akuti ndipereke kangachepe nkhani ithere pomwepo. Ena akuti ndisadandaule, khoti la ana limangomasula aliyense, n'chifukwa chake anthu akufuna lamulolo lisinthidwe kuti ana aziweruzidwa ngati akulu. Tulo sindikutiona. Ndiyambire pati? Nanga n'zoona kuti lamulo la ana likuwononga ana?"

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakugwerani. Mtima ukhale m'malo. Ndagwira ntchito zaka zambiri yoyendera ana m'zitokosi za apolisi ndi kuwaperekeza kukhoti, ndipo nkhani ngati yanuyi ndaziona zochuluka zikutha bwino, mwana n'kubwerera kusukulu. Zimene zimatha bwino zimafanana pa chinthu chimodzi: pamakhala munthu wamkulu amene sanamutaye mwanayo m'masiku oyambirira. Inu mwafika kale kupolisi, mwaona cholakwika pa pepala, mwafunsa. Ana ambiri amene ndinawapeza atakhalitsa m'chitokosi analibe ngakhale wowabweretsera phala.

Tiyambe ndi zaka, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nambala 18 imene yalembedwa pa pepalayo ndiyo ikumutsekera mwana wanu chitseko cha khoti la ana n'kumukankhira kumzere wa akuluakulu. Kutalika kwa msinkhu si umboni wa zaka. Mawa m'mawa, musanapite kumsika, sonkhanitsani chilichonse chimene chikusonyeza tsiku lake lobadwa. Chiphaso cha kubadwa ngati chilipo ndiye chabwino koposa, koma ndikudziwa kuti ana ambiri a msinkhu wake alibe, poti kalembera wa ana obadwa anayamba kukakamizidwa m'dziko muno mu 2015. Khadi lake la kusikelo, buku la kuchipatala, khadi la ubatizo, kalata yochokera kwa ahedi a sukulu yake yosonyeza zimene zili m'kaundula, ngakhale kalata ya amfumu, zonsezi zimathandiza. Jambulitsani fotokope, zenizenizo musunge nokha. Ndiye kapempheni kuonana ndi mkulu wa polisiyo, kapena apolisi a ku Victim Support Unit amene amaona nkhani za ana, muwauze mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti amene akusungayo ndi mwana ndipo umboni ndi uwu. Akakana kukonza, nkhani ya zaka ikanenedwe pamaso pa majisitireti tsiku loyamba lomwelo, mlandu usanawerengedwe n'komwe. Khoti lili ndi mphamvu yofufuza zaka za munthu, ndipo likhoza kumutumiza kuchipatala kuti akamuyeze ngati pali kukayikira.

Sindiiwala agogo ena amene anafika pakhoti lina atamanga khadi la kusikelo m'kajumbo ka shuga, litasanduka lofiirira ndi utsi wa m'khitchini. Mdzukulu wawo anali atakhala pa limandi masabata angapo ndi akuluakulu chifukwa wina anamulembera zaka 19 pongomuyang'ana ndevu zimene zinali zitangoyamba kumera. Majisitireti atawerenga khadilo anaimitsa mlandu nthawi yomweyo. Masabata onsewo, kapepala kamene kakanamutulutsa kanali m'sutikesi kumudzi, ndipo panalibe amene anawauza agogowo kuti n'kofunika. Chichokereni tsiku limenelo, funso langa loyamba kwa kholo lililonse limakhala la khadi.

Tsopano za lamulo lenilenilo. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana, lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la mu 1969. Poyamba lamulo latsopanoli linkati mwana ndi munthu wosakwana zaka 16, koma mu 2017 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa, ndipo tsopano mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Wanuyo, wa zaka 15, ndi mwana mbali zonse. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti mwana womangidwa azisungidwa mosiyana ndi akuluakulu, ndipo kumutsekera kukhale njira yomaliza, kwa nthawi yochepa kwambiri. Gawo lomwelo limati womangidwa aliyense aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Mwana wanu anamugwira Lachisanu. Ndiye kuti pofika Lolemba anayenera kukhala ataonekera pamaso pa majisitireti kapena atatulutsidwa. Ngati Lolembalo ladutsa iye akadali m'chitokosi, musadikirenso, pezani thandizo limene nditchule kumapetoku lero lomwe.

Za kangachepe zija, musayerekeze. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ndalama imene mungapereke mobisa simupatsidwa lisiti, siifufuta dzina la mwana m'buku, ndipo mlandu ukhoza kudzuka mwezi wamawa inu mutataya mpamba wanu wa tomato. Komanso kupereka chiphuphu ndi mlandu umene ungakugwereni inuyo, mwana n'kutsala wopanda womuyimira. Pali chinanso chimene chimandipweteka kwambiri pa nkhani imeneyi: mwana amaona. Akatuluka chifukwa azakhali ake alipira, phunziro limene amatenga n'lakuti mlandu umagulidwa. Njira zovomerezeka zomutulutsira zilipo. Pa milandu yaing'ono, mkulu wa polisi ali ndi mphamvu yomuchenjeza mwana n'kumumasula, kapena kumupereka m'manja mwa kholo kapena womulera kuti azidikira mlandu ali kunyumba. Inu ndinu womulera, ndipo muli ndi ufulu wopempha zimenezo.

Zinthu zikayenda mwa dongosolo lake, mwana sayamba ndi kuzengedwa mlandu. Choyamba amakumana ndi mlangizi wa ku ofesi ya Social Welfare, amene akhoti amamutchula kuti probation officer. Ameneyu amacheza ndi mwana, amacheza ndi inu, amafufuza za kunyumba ndi kusukulu, n'kulemba lipoti. Mukakumana naye musabise kanthu. Muuzeni kuti bambo a mwanayu anamwalira, kuti ali pasukulu, kuti mukumulera ndinu, ngakhale zovuta zake ngati zilipo. Makolo ena amaganiza kuti kumuyeretsa mwana ngati mngelo ndiko kumuthandiza, koma mlangizi akatulukira bodza limodzi amayamba kukayikira zonse. Kenaka pamakhala kafukufuku woyambirira pamaso pa majisitireti, pomwe pamakhala mwanayo, inu, mlangizi uja ndi woimira boma pa milandu. Pamenepa ndi pamene amaona zaka, amaona ngati umboni ulipo, amaona kumene mwana akhale podikira, ndipo amaona ngati nkhaniyo ingapatutsidwe kuti isalowe m'khoti.

Kupatutsa mlandu kumeneku, kumene akhoti amati diversion, ndiko anzanu aja akukutcha kumasula aliyense. Sikumasula. Mwana amavomera kuti analakwa, ndipo amapatsidwa zoti achite: kupepesa kwa amene anamulakwira, kubweza katundu kapena kulipira, kugwira ntchito yothandiza m'dera, kulamulidwa kuti asajombe kusukulu, kukhala pansi pa uphungu kwa nthawi yoikika. Nthawi zina mabanja awiriwo amakhalitsidwa pansi kuti akambirane, zofanana ndi zimene makolo athu ankachita pabwalo la amfumu. Akalephera kutsatira, mlandu ukhoza kubwerera kukhoti. Milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza ndi zida siyenda njira imeneyi. Ndinaonapo mnyamata akunjenjemera poyang'anizana ndi mayi amene anamubera nkhuku, pamaso pa amalume ake ndi amfumu, kuposa mmene akananjenjemerera pamaso pa woweruza amene sadzamuonanso.

Koma apa ndikuchenjezeni, chifukwa pali msampha umene wagwira ana ambiri osalakwa. Kuti mlandu upatutsidwe mwana ayenera kuvomera, ndipo lamulo limati avomere mwa kufuna kwake, osakakamizidwa. Mwana amene wagona masiku atatu pasimenti, pakati pa anthu osawadziwa, akhoza kuvomera chilichonse atauzidwa kuti akavomera apita kunyumba. Wanuyo akuti anangotumidwa. Funso lalikulu pa mlandu wopezeka ndi katundu wobedwa n'lakuti kodi ankadziwa, kapena panali chifukwa choti adziwe, kuti foniyo ndi yobedwa. Khalani naye pansi pa awiri, mumufunse modekha, osamukalipira. Bamboyo amamudziwa bwanji? Anamulonjeza zingati? Anamuuza kuti foniyo ndi ya yani? Aka kanali koyamba? Ngati ankadziwa, avomere, ndipo kupatutsa mlandu ndiyo njira yomukomera. Ngati sankadziwa, asavomere pongofuna kutuluka msanga. Ndipo asalembetse kapena kusayina sitetimenti inu kapena munthu wina wamkulu womuyimira palibe. Ngati anasayina kale ali yekha, kanenedwe zimenezo kwa majisitireti.

Pa za bambo anagwidwa nayeyo, pemphani kuti nkhani ya mwana imvedwe payokha. Akuluakulu amene amatuma ana amadziwa chimene akuchita. Amasankha mwana chifukwa sakayikiridwa msanga, ndipo zinthu zikavuta amamukankhira mlandu wonse. M'chitokosi chimodzi, bambo ngati ameneyo amakhala ndi usiku wonse womuopseza mwana ndi kumuphunzitsa zokanena. N'chifukwa china chimene kuwalekanitsa kuli kofulumira.

Mlandu ukapitirira mpaka kuzengedwa, khoti la ana limasiyana ndi limene mumalidziwa. M'mizinda ngati Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu muli makhoti a ana apadera, pomwe m'maboma ena majisitireti yemwe uja amakhala ngati khoti la ana pa nthawi yake. Anthu ongodzaonerera saloledwa, ndipo atolankhani saloledwa kuulutsa dzina la mwana, sukulu yake kapena chithunzi chake. Lamulo limafuna kuti zokambirana zikhale zosavuta kumva, popanda mikanjo ndi mayunifolomu oopsa, ndiponso kuti mwana azipatsidwa nthawi yopuma. Inu muyenera kukhalapo. Ngakhale mawu amasankhidwa: mwana sanenedwa kuti wapezeka wolakwa n'kugamulidwa chilango ngati mkulu, koma kuti wapezeka kuti anachitadi chinthucho, ndipo khoti limapereka lamulo la zoti zichitike. Lamulo la 2010 limaletsa kutumiza mwana kundende pa mlandu uliwonse. Zikavutitsitsa amatumizidwa kumalo osinthirako khalidwe, monga Chilwa ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre, ndipo pali bungwe lotchedwa Child Case Review Board limene limaunika nkhani za ana osungidwa kumeneko. Pa foni imodzi, kwa mwana wa pasukulu amene sanapalamulepo ndipo ali ndi womulera, zofika kumeneko sizichitikachitika.

Khoti lomweli limaonanso za ana ofunika chisamaliro ndi chitetezo, amene sanapalamule kanthu koma akuzunzidwa, atayidwa kapena alibe wowalera. Ndikutchula izi chifukwa mlangizi akafunsa zambiri za pakhomo panu, musaope kuti akufuna kukulandani mwana. Akufuna kudziwa ngati pali pomubwezera. Mwana wamasiye amene ali ndi azakhali oti akhoza kuimirira n'kunena kuti uyu ndi wanga, ndimusamala, amakhala pabwino kuposa amene khoti likusowa kompereka.

Tsopano funso lanu lachiwiri, loti kodi lamuloli likuwononga ana. Anthu amene amadandaula sindiwanyoza. Mayi amene waberedwa foni imene anaigula movutikira, n'kuona mnyamata yemwe uja akuyenda pamsika patapita masiku awiri, popanda womufotokozera chimene chachitika, ali ndi chifukwa chokwiyira. Kumeneko n'kulephera kwenikweni, ndipo kuyenera kukonzedwa. Wolakwiridwa aziitanidwa, azimvedwa, aziuzidwa chimene chagamulidwa, ndipo katundu wake azibwezedwa pamene n'kotheka. Kupatutsa mlandu kopanda womutsatira mwana pambuyo pake n'kumene kumaipitsa mbiri ya lamulo lonse.

Koma mankhwala ake si kuweruza ana ngati akulu. Ndalowa m'ndende zambiri, ndipo ndikudziwa chimene chimachitika kwa mnyamata wa zaka 15 akagona pakati pa akaidi akuluakulu. Amalandidwa chakudya, ena amachitidwa zachipongwe zimene sadzaziulula moyo wake wonse, amatenga matenda, ndipo amatuluka atadziwa kuthyola loko ndi kumene amagulitsa katundu wobedwa. Sukulu imakhala itathera pomwepo. Amene analowa chifukwa cha foni amabwerera kumudzi komweko, kumsika womwewo, ali woopsa kuposa kale. Woberedwa uja sanapindule kanthu. Mu 2018 Khoti Lalikulu linalamula kuti ana amene ankasungidwa kundende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko apite kumalo oyenera ana, zimene zikusonyeza kuti ngakhale patatha zaka 8 lamulo lilipo, ana ankapezekabe kumene lamulo linaletsa.

Kwa ine vuto lili apa: lamulo tinalemba labwino, koma zoliyendetsera sitinaike zokwanira. Alangizi a Social Welfare ndi ochepa, ndipo mmodzi amayembekezeka kuyendera midzi yotalikirana, nthawi zina wopanda ndi njinga yomwe. Lipoti likachedwa, mwana amadikira. Malo osungirako ana podikira mlandu ndi osowa m'maboma ambiri, ndiye wapolisi ngakhale wamtima wabwino amasowa komuika mwana usiku. Chilwa ndi Mpemba onse ali kummwera, kotero mwana wa ku Karonga akatumizidwa kumeneko ndiye kuti abale ake sadzamuona, pomwe kusintha khalidwe kumafuna abale omwewo. Amene akufuna kukonza makhoti a ana ayambire pamenepa. Ndalama zipite kwa alangizi, kumalo osungirako ana pafupi ndi kwawo, ndi ku ziphaso za kubadwa kuti wapolisi asamayeze zaka ndi maso.

Pali zinanso ziwiri zimene ndikanakonda zitasintha. China ndi msinkhu umene mwana angayambire kuimbidwa mlandu. Kwathu kuno ndi zaka 10, ndipo kwa wosakwana zaka 14 boma liyenera kusonyeza kuti ankazindikira kuti chimene akuchita n'cholakwa. Kale unali zaka 7, ndiye tinasunthako, koma komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana inalangiza mu 2019 kuti maiko aike zaka zosachepera 14. Malawi anavomereza pangano la ufulu wa ana la bungweli mu 1991. Mwana wa Sitandade 4 amene waba chinangwa akufunika chakudya ndi womulera, osati doketi.

Chinacho ndi mawu a mwana m'khoti. Timanena kuti mwana ali ndi ufulu womvedwa, koma ndakhala m'makhoti momwe akuluakulu amalankhulana Chingerezi pamwamba pa mutu wake, womasulira n'kumufupikitsira ziganizo khumi kukhala chimodzi, iye n'kumangoti "eya" ku funso lililonse maso ali pansi. Ana athu tinawalera kuti asayang'ane mkulu m'maso ndipo asamutsutse. Ulemu womwewo umawapweteka m'khoti. Tsiku lina nditatuluka ndi mnyamata wina panja ndinamufunsa chimene chagamulidwa, iye n'kundifunsa ine kuti kodi mlandu uyamba liti. Woweruza wabwino amamuuza mwana kuti abwereze m'mawu akeake zimene wamva. Inunso, mukaona kuti mwana wanu sakumva, imikani dzanja mupemphe kuti amufotokozerenso m'Chichewa kapena m'chinenero chimene amachimva bwino. Palibe amene angakudzudzuleni pa zimenezo. Ndiponso poti khoti la ana limakhala lotseka zitseko, zimene n'zoyenera poteteza mbiri ya mwana, zolakwika zimabisalanso mosavuta. Chotero kukhalapo kwa kholo, loya kapena wothandiza pa zamalamulo n'kofunika kwambiri m'khoti la ana kuposa m'khoti la akulu, momwe anthu amadzaza mabenchi.

Za kumene mungapeze thandizo. Pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu mukadziwitse mlangizi kuti pali mwana m'chitokosi, chifukwa nthawi zina uthenga sumawafika. A Legal Aid Bureau amapereka loya kwa anthu amene sangakwanitse kulipira, ndipo mwana ali ndi ufulu woimiridwa ndi loya. A bungwe la PASI, othandiza pa zamalamulo amene amayendera zitokosi, makhoti ndi ndende, amadziwa bwino nkhani za ana, ndipo mukhoza kufunsa pakhoti ngati alipo m'dera lanu. Nambala ya 116 ndi yaulere ndipo ndi yothandiza pa nkhani za ana. Musachedwe kufuna loya ngati maola 48 adutsa, ngati akukana kukonza zaka, ngati mwana akuti anamenyedwa kapena anachitidwa chipongwe m'chitokosi, kapena ngati mlandu wasinthidwa kukhala waukulu monga kuba moopseza. Akakhala ndi mabala kapena akudwala, pemphani kuti apite kuchipatala ndipo zolembedwa za dokotala muzisunge. Madandaulo a nkhanza mukhozanso kukawatula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission.

Gulani kakope kakang'ono muzilembamo tsiku ndi ola limene anamugwira, nambala ya mlandu, amene mwalankhula naye ndi zimene wakuuzani. Kauzeni ahedi kuti mwana akhala asakubwera kwa masiku angapo kuti malo ake asatayike, koma nkhaniyi isafalikire pamsika kapena pa WhatsApp, chifukwa dzina loti wakuba limamatirira ngakhale khoti litamuyeretsa. Akatuluka adzakhala wosiyana kwa kanthawi, mwina wosalankhula, mwina wolusa, mwina wodzidzimuka usiku. Musafulumire ndi chikwapu kapena kumuyalutsa pamaso pa abale. Mudyetseni, agone, ndipo pakapita masiku mukhale naye pansi pamodzi ndi amalume ake kapena mkulu wina amene amamukhulupirira. Ngati pakatha mwezi akadali wosagona kapena akukana sukulu, bwererani kwa mlangizi uja mupemphe uphungu.